Ng'ombe za Mlongo Wanga ndi Mtengo wa pa Bolodi

Ndinadandaula koyamba Lolemba lotsatira mgonero wa nthawi yokolola, chaka chimene chitseko cha banki ya pa Chezi chinatsekedwa. Kalata yodandaulayo ndinakaipereka ndi dzanja langa kwa amene ankayendetsa bankiyo, ndipo kope lake ndi ili. Kachiwiri ndinadandaula chaka chomwecho, mvula yoyamba itagwa. Kachitatu ndinalembera ku boma. Anandiyankha mwaulemu kuti bankiyo sinali m'kaundula wawo, choncho nkhaniyo tiithetse tokha kumudzi. Limenelo ndilo yankho lokhalo limene ndalandirapo, ndipo lilinso muno m'bokosi. Makalata atatu otsatira ndinawalemba nditasiya mowa. Amene akufuna abwere adzaone kuti mizere yake ndi yowongoka. Lero ndikudandaula kachisanu ndi chiwiri. Papita zaka khumi ndi chimodzi.

Akulu ampingo andiuza kuti ndilankhule za mowa, ndiponso ndilankhule mwachidule. Za mowa ndinena, sindibisa kanthu. Koma mowa wanga sunayambire pa chikho, ndipo ndikayambira pamene iwo akufuna ndiye kuti ndanena bodza m'nyumba ya Mulungu. Ndikuona amuna amene mwakhala pa benchi la kumbuyo, la odulidwa, pamene inenso ndinakhala zaka zitatu. Ndikuonanso anyamata amene mwagulitsa fodya mwezi wathawu, ndipo ndamva kuti kwabwera anthu ena ndi mapepala atsopano ogulitsa magawo. Nonsenu mundimvetsere. Ndalemba kuti ndisasochere, ndipo kope lina ndasiya kunyumba.

Ine ndine Eliya Phiri. Ndinabadwira kuseri kwa Kasakula, ndinakwatira kuno ku Chezi, ndipo ndimakhala chikamwini kwa akazi anga, a Nambewe. Ndinali mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi. Koma ndisanadziwe choko ndinadziwa ng'ombe. Atsibweni anga anandiphunzitsa kuitsegula pakamwa n'kuona mano, kuwerenga mizere ya pa nyanga, ndi kunena kuti yatsala ndi ana angati. Iwo ankati mtengo wa ng'ombe yaikazi suli pa mnofu wake, uli pa mathole amene idzaswe. Atamwalira anandisiyira khola la ng'ombe zisanu ndi zitatu. Ndati anandisiyira, koma mwambo wathu mukuudziwa: sizinali zanga. Zinali za mbumba, ndiye kuti za mlongo wanga Naphiri ndi ana ake. Ine ndinali wonena chabe kuti iyi igulitsidwe pa njala, iyo iphedwe pa maliro. Kholalo linali kuseri kwa nyumba ya Naphiri, ndipo ndowe zake ndizo zinkabereketsa munda wake.

Nkhondo ya Ajeremani itatha, fodya wa chikopa anafika m'mapiri muno, ndipo anthu amene sanagwirepo paundi anayamba kuigwira. Nthawi yomweyo a Sitefano Mlongoti anabwera kuchokera ku Halale, kumene ankagwira ntchito m'banki ya azungu. Anati ifenso tikhoza kukhala ndi yathu. Anatenga nyumba ya zipinda ziwiri pambali pa msewu, anaikamo bokosi lachitsulo, buku lalikulu ndi chidindo. Ntchito ya bankiyo inali yomveka. Inkakongoza alimi ndalama ya msonkho ndi ya makasu, iwo n'kubweza akagulitsa fodya, ndi kena kake pamwamba. Eni ake a banki anali onse ogula gawo, limene a Sitefano ankalitcha sheya. Msika wa fodya ukatha tinkasonkhana, iwo n'kuwerenga phindu la chaka, n'kupatsa aliyense kapepala kodinda konena kuti gawo lililonse lapindula zakuti. Panja pa chitseko panapachikidwa bolodi ngati la kusukulu, ndipo pamenepo ankalemba ndi choko mtengo wa gawo limodzi.

Sindikunena kuti chinali chinthu choipa kuyambira pachiyambi. Chaka choyamba pa bolodi panalembedwa paundi imodzi. Ndinagula magawo awiri ndi malipiro anga a uphunzitsi. Kapepala ka chaka chimenecho ndi aka: gawo lililonse linapindula masheleni anayi. Anthu anakongola, anabweza, ndipo palibe anamangidwa chifukwa cha msonkho m'midzi itatu.

Chaka chachiwiri pa bolodi panalembedwa mapaundi awiri. Kapepala kake ndi aka: masheleni anayi omwe aja. Apa ndi pamene matenda anandilowa. Ndinayamba kuzungulira dala pochokera kusukulu kuti ndidutse pa bolodi lija. Ndinkapeza amuna ataima pamenepo ndi makasu pa phewa, ena osadziwa n'kuwerenga komwe, akufunsa kuti lero palembedwa zingati. Ndinkawawerengera mokweza mawu, ndipo ndinkamva kukoma. Mapaundi anga awiri anali atasanduka anayi ine osanyamula khasu.

Chaka chachitatu pa bolodi panalembedwa mapaundi anayi. Kapepala kake ndi aka, ndipo ndikufuna mumve bwino: masheleni awiri. Phindu linatsika, mtengo unakwera. Pa msonkhano mkulu wina anafunsa chifukwa chake. A Sitefano anati tikuumba njerwa za nyumba yatsopano, chaka chamawa phindu lidzawirikiza, ndipo amene achedwe adzagula pa mapaundi asanu ndi limodzi. Tinaomba m'manja. Ine ndinaomba kwambiri kuposa onse.

Sabata yomweyo ndinakwera njinga kupita kwa Naphiri. Ndinam'peza akupeta nyemba pakhonde. Ndinatulutsa magawo anga awiri n'kumuonetsa chidindo. Iye sadziwa kuwerenga. Anapukuta manja, anagwira pepala limodzi m'mbali mwake, analitembenuza.

"Achimwene, pepalali limaswa?"

"Limaswa ndalama," ndinatero.

"Zingati?"

"Chaka chino masheleni awiri. Koma iwe ona mtengo wake. Unali paundi imodzi, lero ndi anayi."

"Ine ndafunsa za kuswa. Inu nomwe mumati ng'ombe yonenepa yosaswa ndi ndiwo chabe."

Ndinaseka. Ndikukumbuka bwino kuseka kumeneko. Ndinati, "Naphiri, zinthu izi ndi za anthu odziwa masamu."

Anandibwezera pepala lija, anatenganso lichero lake. "Chabwino. Mwini mbumba ndinu."

Ng'ombe zonse zisanu ndi zitatu ndinazigulitsa kwa wogula wina wochokera ku Lilongwe pa mapaundi makumi awiri ndi anayi. Lisiti lake ndi ili. Ndalamazo ndinakaziika pa tebulo la a Sitefano Loweruka m'mawa. Iwo anati, "Mwachita mwayi, aphunzitsi. Magawo anatha, koma ndakusungirani awa." Anatulutsa mapepala asanu ndi limodzi m'thumba la jekete lawo, analemba dzina langa, anadinda.

Zotsatira ndizinena mofulumira chifukwa zinachitikanso mofulumira. Chaka chachinayi mtengo wa fodya unagwa. Ogula ankatsegula mtolo, kununkhiza, n'kuukankhira pambali. Okongola analephera kubweza. Kapepala ka chaka chimenecho kali ndi mzere chabe pamene panayenera kukhala nambala. Pa bolodi panakhalabe mapaundi anayi mpaka mvula inafufuta. Chaka chachisanu panalembedwa masheleni asanu, koma wogula panalibe. Kenaka bolodi linatembenuzidwa kuyang'ana kukhoma, chitseko chinatsekedwa, ndipo a Sitefano anati buku lalikulu lija chiswe chadya.

Chikho choyamba ndinamwa pobwera kokapereka kalata yoyamba ija. Ndinali munthu wa zaka zoposa makumi anayi amene sanalawepo ngakhale masese. Pomatha mwezi ndinali pa kachasu. Ndinagulitsa njinga. Ndinagulitsa jekete, nsapato, nyali, ndi mbuzi ziwiri za a Nambewe iwo ali ku maliro. Ndinkalowa m'kalasi ndikununkha. Tsiku lina woyendera sukulu anandipeza nditagona pa benchi masanasana, ana akuimba okha masamu ochulukitsa kuti anthu odutsa asadziwe. Ntchito inatha tsiku lomwelo. Mpingo unandidula. Msonkho ndinalephera, ndinakhala mwezi m'ndende, ndikusenza miyala ya msewu pamodzi ndi amuna amene ndinawaphunzitsa kulemba maina awo. Alongo awo a akazi anga anati mkamwini wotere anyamule mphasa yake azipita. A Nambewe ndiwo anakana. Sindikudziwa chifukwa chake mpaka lero. Zonse ndinagulitsa kupatula bokosi ili.

Koma wovutika kwenikweni sanali ine. Chaka chotsatira mvula inadula, ndipo kwa Naphiri kunalowa njala. Mabanja okhala ndi khola ankasinthitsa ng'ombe ndi chimanga. Naphiri analibe chosinthitsa. Mwana wake wamwamuna, Yakobe, ananyamuka wapansi kupita ku Halale kukafuna ndalama, ndipo mpaka lero sanabwere, kalata yakenso sitinaione. Mwana wake wamkazi atapeza banja, unkhoswe unapita kwa msuweni wa kutali, ine ndilipo, ndili moyo.

Ndinapita kumeneko ndi bokosi langa kuti ndikawaonetse kumene ng'ombe zinapita. Amuna ake a Naphiri anayang'ana mapepala aja, anaseka.

"Alamu, inu ndinu mphunzitsi. Mphunzitsi amalemba chilichonse. Chidindo ngakhale pa mbatata anthu amasema."

Naphiri sanaseke. Anatuma munthu kukafunsa a Sitefano ngati n'zoona kuti ndinapereka mapaundi makumi awiri ndi anayi. Yankho linabwera lakuti buku linadyedwa, ndipo iwo akukumbuka magawo awiri okha, a chaka choyamba. Kuyambira tsiku limenelo mlongo wanga amakhulupirira kuti ng'ombe zake ndinazimwa. Sindingam'dzudzule. Anaona khola lopanda kanthu, anaona mchimwene wake akudzandira. Anaphatikiza zimene anaona.

Tsopano ndichedwa pang'ono, akulu ampingo andikhululukire.

Unali mwezi wa dzuwa, chaka chachiwiri cha kumwa kwanga. Ndinali nditapitanso kwa Naphiri, ndipo sanandilole kupitirira pakhonde. Pobwerera ndinakhala pansi pa mkuyu wa pa Kasakula, pamene anthu ankagulitsirana ng'ombe. Sindinapite kukaona ng'ombe. Ndinkayembekeza kuti wina akagulitsa bwino andigulira kapu imodzi. Mutu unkandiwawa.

Panabwera mayi wina wamasiye dzina lake Nangozo. Amuna ake anafera m'migodi ya ku Joni, ndipo ndalama imene inatumizidwa anaimanga pa nsonga ya chitenje. Ankafuna ng'ombe imodzi yoti ilere ana ake. Mngoni wina, a Jere, anali ndi ng'ombe yofiira, yonenepa, yonyezimira, ndipo anthu anaizungulira akuiyamikira. Mayi uja anayang'ana uku ndi uku, anandiona.

"Si inu aphunzitsi aja odziwa ng'ombe?"

A Jere anandiyankhira. "Amenewo amadziwa pansi pa chikho, mayi. Asiyeni agone."

Anthu anaseka. Koma mayiyo anaimabe pamenepo. "Tandionereniko, bambo. Ndilibe wina."

Ndinadzuka. Ng'ombe ija ndinaigwira mphuno ndi dzanja lamanzere monga atsibweni ankachitira, ndinalowetsa chala cham'mbali, inatsegula. Mpweya wake wotentha unandiomba kumaso, fungo la udzu wobzikula, limene ndinali ndisanalimve zaka zinayi. Ndinayang'ana m'kamwa. Mano anali atatha, afupiafupi, mipata pakati. Ndinayendetsa chala pa nyanga kuwerenga mizere. Inali yambiri. Ng'ombe imeneyo anainenepetsa dala ndi madeya.

"Mukuti zingati, a Jere?"

"Mapaundi atatu. Osachotsa."

Ndinatembenukira kwa mayi uja, ndipo mawu anatuluka okha. "Mayi, thole lero likugulidwa masheleni khumi ndi asanu. Kuti mapaundi anu atatu abwerere, ng'ombe iyi iswe kanayi. Pa ukalamba wakewu imaswa kamodzi pa zaka ziwiri, ndiye kuti zaka zisanu ndi zitatu. Koma mano awa alibe zaka zisanu ndi zitatu. Musayang'ane kunenepa. Funsani kuti ibweza liti ndalama yanu. Iyi ifa isanabweze."

"Chidakwa iwe wandiphera msika," anatero a Jere, akukoka chingwe chawo.

Mayi uja anagula msoti wowonda wa munthu wina, umene ndinauonanso pakamwa. Pochoka anamasula chitenje, anandiika m'dzanja tiki, kandalama ka makobiri atatu.

Ndinaima ndi tiki ija. Nyumba ya kachasu inali pompo, ndinkaona utsi wake. Koma m'makutu mwanga munali mawu anga omwe. Funsani kuti ibweza liti ndalama yanu. Ndinali nditawanena kwa mlendo chifukwa cha mapaundi atatu. Mlongo wanga anandifunsa funso lomwelo ndi mawu ake, chifukwa cha khola lonse, ine n'kumuseka.

Sindinapemphere, ndisakunamizeni. Sindinaone kuwala kulikonse. Ndinangoyamba kuyenda. Ndinafika ku Chezi tsiku lotsatira dzuwa lili pamutu, tiki ili m'dzanja, itasiya chizindikiro pa chikhatho. Ndinayala mphasa pabwalo, ndinatsegula bokosi, ndinandandalika timapepala tonse monga mwa zaka zake, ndinatenga sileti.

Samu yake ndi imene ndinkaphunzitsa ana aang'ono. Tenga mtengo wa pa bolodi, gawa ndi phindu la pa kapepala. Yankho lake ndi zaka zimene udikire kuti ndalama yako ibwerere.

Chaka choyamba: masheleni makumi awiri, kugawa ndi anayi. Zaka zisanu. Umenewo unali msoti wabwino.

Chaka chachiwiri: masheleni makumi anayi, kugawa ndi anayi. Zaka khumi. Munthu angathe kudikira, koma ayambe kufunsa.

Chaka chachitatu: masheleni makumi asanu ndi atatu, kugawa ndi awiri. Zaka makumi anayi.

Ndinabwereza katatu. Zaka makumi anayi. Ndinali kale ndi imvi tsiku limene ndinagula. Ndinapereka ng'ombe zisanu ndi zitatu, zimene zinkatipatsa mathole atatu kapena anayi chaka chilichonse, kuti ndilandire masheleni khumi ndi awiri pa chaka, osakwana ndi mtengo wa thole limodzi. Ngakhale fodya akanapanda kugwa, ngakhale chitseko chikanapanda kutsekedwa, ndinali nditataya kale. Nambala zonse zinali m'bokosi langa tsiku limene ndinakwera njinga kupita kwa Naphiri. Ndinkasunga pepala lililonse, koma sindinaikepo awiri pamodzi.

Kenaka ndinakweza mapepala asanu ndi limodzi aja kuyang'anitsa kudzuwa. Pamene panalembedwa dzina langa, pepala linali lopyapyala, lopalidwa ndi mpeni. Ndinayang'ana nambala zake. Magawo anga a chaka choyamba ndi 23 ndi 24. Awa, amene ndinagula zaka ziwiri pambuyo pake, ndi 11 mpaka 16. Anali akale kuposa anga oyamba. Anali a munthu amene anagula pa paundi imodzi tsiku loyamba, n'kugulitsa kwa ine pa mapaundi anayi. Pansi pa kupalako pakuonekabe chilembo S koyambirira. Sindikuneneza munthu. Ndikunena zimene zili pa pepala, ndipo aliyense angathe kudzaliunika pa zenera ilo.

A Nambewe anandipeza pamenepo akuchokera kumtsinje. Ndinawapatsa tiki ija.

"Ndi ya chiyani imeneyi?"

"Malipiro. Ndinatsegula ng'ombe pakamwa."

"Kuti?"

"Ku Kasakula."

Anaiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye yadutsa m'midzi yonseyi osalowa penapake?"

"Yadutsa."

Anaimanga pa chitenje. Anakandiphikira phala.

Inu a pa benchi la kumbuyo, mukufuna kudziwa mmene ndinasiyira. Palibe chinsinsi. Ndalama sindinaigonetsenso m'thumba langa. Ndikalandira, ndimapereka kwa a Nambewe dzuwa lisanalowe, ndipo papita zaka zisanu ndi zinayi ndikuchita zimenezi ngati mwana. Njira ya kumsika yodutsa pa nyumba ya kachasu ndinaisiya. Ndimazungulira kudambo, nthawi ya mvula madzi amafika m'mawondo. Miyezi itatu yoyamba ndinkasanza, ndinkatuluka thukuta, ndinkatukwana nkhuku. Ndinagwa kamodzi, pa ukwati, chaka choyamba, ndipo tsiku lake ndinalilemba. Ndinaima pamaso pa akulu ampingo n'kutchula zonse, mpaka mbuzi za akazi anga. Ndinakhala chaka china kumbuyo uko ndisanabwezeredwe ku mgonero. Choko sanandibwezere. Ntchito yanga tsopano ndi ziwiri: kuonera anthu ng'ombe pa msika, ndi kulembera akazi makalata opita kwa amuna awo ku Halale ndi ku Joni. M'kalata iliyonse yopita ku Halale ndimapempha mwini wake kuti ndiwonjezere mzere umodzi wofunsa za Yakobe.

Patatha zaka zitatu, ndalama zimene a Nambewe anamanga zinakwana msoti umodzi. Ndinaukusa ndekha masiku awiri mpaka kwa Naphiri. Khola linali litagwa, ndinalimanganso. Iye anaima patali ndi mtsuko pamutu, anayang'ana msoti, anandiyang'ana ine.

"Mutseke bwino," anatero. "Kuno kuli afisi."

Mawu ake anali okhawo. Msoti wachiwiri ndinapititsa patatha zaka zina zitatu, wachitatu mwezi wathawu. Mathole amene zaswa kumeneko sindiwerengera ku ngongole yanga, chifukwa akanabadwabe ndikanapanda kugulitsa amayi awo.

Anyamata a fodya inu, sindikukuletsani kugula gawo. Gawo la chaka choyamba linali labwino. Koma munthu akakuonetsani pepala n'kukuuzani mtengo, musafunse kuti chaka chamawa udzakhala zingati. Zimenezo sadziwa. Funsani kuti chaka chatha linapindula zingati, ndipo akuonetseni polembedwa. Gawani. Mukapeza zaka zisanu, ganizani. Mukapeza zaka makumi anayi, gwirani mano anu omwe, muone ngati zaka zimenezo zilimo. Mukaona mtengo ukukwera phindu likutsika, funsani kuti wagwira choko ndani, ndipo pepala limene akukugulitsanilo linali la yani. Ndipo ngati ndalamayo ndi ya mbumba, mlongo wanu akafunsa funso, musaseke.

Akulu ampingo akanakonda kuti ndithere apa ndi mawu achimwemwe. Ndilibe. Mowa ndinasiya, zimenezo n'zoona, ndipo ndikuthokoza Mulungu ndi a Nambewe. Koma samu ija ndinadzichitiranso ine mwini. Ng'ombe imodzi imanditengera zaka zitatu. Zatsala zisanu. Ndi zaka khumi ndi zisanu. Maso anga ayamba kuchita mtambo, mizere ya pa nyanga ndimaiwerenga ndi chala tsopano, ndipo akazi ena ayamba kupita kwa anyamata a sukulu kuti awalembere makalata. Munthu atanditsegula pakamwa pansi pa mkuyu uja, anganene zimene ndinanena za ng'ombe ya a Jere. Ndifa ndisanabweze. Zimenezo ndavomera.

Chimene sindinavomere ndi ichi. Naphiri wakalamba, ndipo chifuwa chimene wakhala nacho chaka chino sichikundisangalatsa. Iye akudziwa kuti mchimwene wake anamwa khola la ana ake. Ine ndikufuna adziwe zoona: kuti mchimwene wake anali chitsiru chonyada, chimene chinaseka funso labwino, koma sanabe. Kusiyana kwake ndi kochepa kwa inu. Kwa ine ndi kokhako kumene kwatsala. Ndili ndi bokosi lodzaza ndi umboni, koma iye sawerenga, ndipo pepala lochokera m'manja mwanga sadzalikhulupiriranso. Amamva mawu a pakamwa, a munthu amene analandira ndalamazo.

Munthuyo ali muno. Wakhala pa benchi lachitatu, kumbali ya akulu, ndipo wandimva bwino.

Choncho, a Sitefano Mlongoti, pamaso pa mpingo uno ndi pamaso pa alembi amene ndikuwapempha kuti alembe mawu awa m'buku la msonkhano, ine Eliya Phiri ndikupempha mwaulemu, kachisanu ndi chiwiri, kuti nkhani iyi iyankhidwe. Ndalama sindikufuna. Ndikudziwa kuti palibe amene angandipatse. Ndikupempha kuti munene ngati munalandira kwa ine mapaundi makumi awiri ndi anayi Loweruka lija. Ndikupempha kuti munene kuti magawo 11 mpaka 16 anali a yani ndisanawagule, ndi kuti munawerengera bwanji polemba mapaundi anayi pa bolodi chaka chimene phindu linali masheleni awiri. Yankho la mafunso awiri omalizawo mundilembere, ndidzaliika m'bokosi. La funso loyamba mukalinene ndi pakamwa panu, pakhonde la Naphiri, kuseri kwa Kasakula, pamaso pa amuna ake ndi mkulu mmodzi wa mpingo uno. Njira ndidzakutsogolerani ndine, ndipo kamba wa pa ulendo a Nambewe avomera kukonza.

Ndikupempha kuti zimenezi zichitike mvula isanagwe, mitsinje isanadzaze, mlongo wanga akadali womva.